Nyumba Yosunga Kutentha kwa Makanda Obadwa Masiku Asanakwane

Olemekezeka a Administradori a boma lathu la Angónia, olemekezeka a Direkitori a zaumoyo, mafumu ndi nduna zanu, a Padiri amene mwatsika kuchokera ku Fonte Boa, a enjinyeru Dário Martinho ndi amisiri anu, anamwino anzanga, ndi inu amayi amene mwasiya mbatata m'munda kuti mukhale nafe, ndakulonjerani nonse.

Ine ndine Leonor, mzamba wopuma pantchito. Sinditalikitsa, chifukwa m'chipinda chakale uko muli mayi Zélia ndi khanda lawo lobadwa dzana, miyezi isanakwane, ndipo kuzizira kwa Junyu sikudikira kuti mlendo amalize kulankhula. Khandalo ndilo mwini wake wa mwambo uno, enafe tangoperekeza.

Chipinda chakalecho ndinagwiramo ntchito mpaka imvi. Pulani yake inachokera ku Tete, kumene munthu amasamba thukuta atangokhala, ndiye amisiri anasiya mipata pansi pa denga ndi njerwa zamabowo kuti mphepo idzidutsa. Ku Tete chimenecho ndi chifundo, koma kuno kumapiri ndi nkhanza. Ife tinaombera m'manja malata owala, osafunsa kuti mwera udzalowera pati.

Chaka china kunabwera mayi Domingas, pa njinga kuchokera kufupi ndi Kalomwe, nabereka kamwana kokwana m'manja awiri. Tinayatsa chotenthetsera cha magetsi, tinatseka mabowo ndi zitenje, mayiyo anakaika pachifuwa osakasiya. Kutentha kunkathawira kudenga ngati madzi m'dengu. Patsiku limene ankabwerera kwawo chimanjamanja anandigwira mkono nati, “Amayi, kodi ndalakwa chiyani? Ndinabwera kuchipatala monga munatiuzira.” Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa.

Pamwamba pa chisonicho, akuluakulu ankatidzudzula kuti tikumwaza magetsi kuposa zipatala za m'chigwa cha Zambezi. Kenaka kunabwera a Dário awa, amene pobadwa ndinawalandira ndi manja angawa akulira ngati kambuzi, lero ayi ndithu, avala tayi. Musabise nkhope, a enjinyeru! Anandifunsa kuti, “Amayi Leonor, kodi munthu angayerekeze zokolola za kudimba ndi za kumtunda, n'kunena kuti wakumtunda ndi waulesi?” Ndinati angakhale wosadziwa khasu. Iwo anati nyumba nazonso n'chimodzimodzi.

Ndiye anayamba kuyeza. Anapachika zoyezera kutentha mkati ndi kunja kwa zipinda za amayi m'zipatala za kuno kumapiri zokhazokha, zomwe zimamva mphepo imodzi. Ankawerenga kontadoru, mita ya magetsi ija, nyengo yonse yozizira, n'kugawa magetsiwo ndi kukula kwa chipinda, kuti chachikulu chisanamiziridwe umbombo ndiponso chaching'ono chisatamandidwe pachabe. Ankaonanso mabedi angati ali ndi anthu, pakuti chipinda chopanda munthu sichivuta kusunga magetsi. Ndipo anakana kutcha nyumba yabwino chifukwa chongodya magetsi pang'ono, ngati ogonamo akunjenjemera.

Atazindandalika zonse, chipinda chathu chinapezeka kumchira: chodya kwambiri, chozizira kwambiri. Patsogolo panali kanyumba kakale ka pachipatala china, ka makoma ochindikala, ka mawindo oyang'ana kotulukira dzuwa, kokhala ndi mphasa pansi pa malata, kamene ena a ife tinkakaseka kuti n'kachimidzi. Kanyumba kameneko ndiko kanakhala muyeso. Nyumba yatsopano ili kumbuyo kwangayi anaimanga kuti ifike pamenepo ndi kupitirira, ndipo mwezi wathawu, isanalandire munthu, anaiyeza mmene imasungira kutentha ndipo inafikadi.

Zikomo inu amisiri amene munamata mpata uliwonse mosatopa. Zikomo inu amayi amene munaluka mphasa za kudenga. A Administradori, pempho langa ndi limodzi: kuyezaku kusathere pa mwambo wa lero. Chaka ndi chaka zoyezera zipachikidwe, nyumba ino iyerekezedwe ndi zinzake, kuti ikayamba kutaya kutentha tidziwire pa choyezera, tisadziwire pa thupi la mwana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo wathu ndi makanda ali m'manja mwathu lero.

Ndaona anamwino aima pakhomo lakale, ndipo mayi Zélia afungatira mwana wawo m'bulangete. Bwerani, mwana wanga, yendani pang'onopang'ono, anthu akupatsani njira. Lero sindilowa ine poyamba, ngakhale akuluakulu ali panowa adikira.

Mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nyumba ya amayi ndi makanda iyi yatsegulidwa. Zélia, lowani naye, mukamugoneke pa bedi limene dzuwa likuwalapo. Ndipo inu a Dário, akangolowa mutseke chitseko.

Zikomo kwambiri.