Khosi la Mdzukulu wa a Telala

A Telala anali atatha masiku makumi awiri akubindikira m'kachipinda kawo kosokeramo kuseri kwa nyumba, chifukwa kasitomala wina amene anamuyeza suti thukuta lili kamukamu anapezeka ndi Ebola. Azaumoyo anati akhale okha masiku makumi awiri ndi limodzi, ndipo kiyi ndi pepala la malangizo anasiyira mkamwini wawo, kalaliki uja amene akagula sopo amayamba wawerenga chikutiro chonse asanasambe.

Ndiye tsoka sasimba, mdzukulu woyamba anabadwa tsiku lachisanu ndi chitatu. A Telala ankangomuonera pagalasi. Zinkawawawa kwambiri. Tauni yonse anaiveka iwo, koma magazi awo enieni akugona m'kamalaya kogula kusitolo, kosokedwa ndi munthu wosadziwika.

M'mawa wa tsiku la makumi awirilo a Telala anagogoda pazenera ndi sizasi.

"Akamwini, tatsegulani. Ndingomuyeza khosi basi."

"Pepala likuti masiku makumi awiri ndi limodzi, bambo. Lero ndi la makumi awiri."

"Mukandiona ine, ndikuoneka wodwala?"

Mkamwini anatembenuza pepala kuwiri konse. "Za maonekedwe sanalembepo."

A Telala anayamba mlandu. Anati thupi akuyeza m'mawa ndi madzulo ndipo silinatenthepo, mutu suwawa, akudya ngati mnyamata. Mkamwini anavomera zonse mwaulemu, manja kumbuyo, kenaka n'kuwawerengera ndime yachitatu: nthendayi imatha kubisala mpaka tsiku lomaliza, imayamba ngati malungo wamba, kenaka kusanza, kutsegula m'mimba, mwinanso kutuluka magazi, ndipo imayenda m'thukuta, m'masanzi, m'magazi ndi m'zovala za wodwala. Ndime imeneyi a Telala anali ataimva kokwanira kuiimba m'kwaya.

Basi, anagonja pang'ono. Anati ngati zili choncho mkamwiniyo akamuyeze yekha mwanayo, ndipo anayamba kutulutsa tepi pansi pa chitseko. Mkamwini analumpha ngati waona njoka. Ndime yachisanu: kanthu ka m'chipindamo sikatuluka. Anapita kukatenga lula ya ku ofesi ndi chingwe cha nsapato.

Patapita nthawi anabwera, nkhope ili yamaliro.

"Khosi palibe, bambo."

"Palibe bwanji?"

"Ndafufuza. Mutu wangokhala pamapewa."

"Tukulani chibwanocho, lili pansi pake! Nanga chifuwa?"

"Masentimita makumi asanu ndi limodzi."

A Telala anavula mandala. "Mwayeza mwana kapena thumba la simenti?"

"Simunanene kuti ndichotse bulangete."

"Chiuno?"

"Ndi thewera kapena popanda thewera?"

"Ndi thewera."

"Louma kapena lonyowa? Chifukwa ndayeza kawiri, zasiyana."

Apa a Telala anayang'ana kudenga, nafunsa Mulungu chimene mwana wawo wamkazi anaona mwa munthu ameneyu. Za mwendo ndiye zinaposa. Mkamwini anabwera ndi manambala atatu, wopinda, wotambasula, ndi wina amene anaupeza mwanayo akumuponda pamphuno, ndipo anafuna kudziwa kuti alembe uti.

A Telala anakhala pampando wa makina, natenga kamalaya koyera kamene anasoka mongoganizira, kopanda kolala, kakang'ono ngati chikhatho chawo. Zaka makumi anayi sanasokepo kolala asanagwire khosi la mwini wake. Mawu awo anatsika.

"Kasitomala uja ndinamuyeza Lolemba, tikuseka. Lolemba linalo anali atapita. Suti yake ndi iyo ili pakhomayo. Ine ndimachita mantha, akamwini. Thupi likatentha madzulo ano, ndiye kuti ndipita mwanayu ndisanamugwirepo."

Mkamwini anayang'ana kamalayako, anayang'ana apongozi ake, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anapinda pepala asanamalize kuliwerenga, n'kuliika m'thumba. Analowa m'nyumba. A Telala ankaganiza kuti wapita kukayezanso mwendo.

Kenaka anamva kakhanda kakung'ung'udza pakhomo penipeni, ndi kiyi akuzungulira m'loko.

Munthu wa nyamakazi sanathamangepo chotero. A Telala anakankha tebulo la makina, ulusi ndi mabatani zili mbwee pansi, n'kulitsamiritsa kuchitseko, iwonso n'kutsamira pomwepo ndi msana.

"Mwapenga kodi? Bwererani naye! Kutali, kumpanda uko!"

"Mungomugwira khosi pang'ono, bambo. Sindiuza munthu."

"Pepala likuti masiku angati?"

"Makumi awiri ndi limodzi."

"Lero ndi la chingati?"

"La makumi awiri. Koma bambo, masiku khumi ndi awiri mwakhala mukundiuza kuti nditsegule."

"Ntchito yanga ndi kupempha, yanu ndi kukana," anatero a Telala akupuma mwawefuwefu kuseri kwa chitseko, misozi ili m'masaya. "Khomani loko, mukasambe m'manja ndi sopo. Mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wotani, wosatha n'kutsata pepala komwe?"