Mzere umene Esinati anakoka pansi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amene munasenzetsedwa udindo wotsogolera achinyamata. Ndabwera kudzachitira umboni za nthawi imene gulu lathu linatsala pang'ono kufera m'manja mwanga, ndi momwe Mulungu analipulumutsira ndi kamtengo kotola pansi.

Ndimapemphera pa kampingo kakang'ono kuno kwa Chapananga. Pamene ankandisankha kukhala wapampando wa achinyamata, tinkadzaza mabenchi asanu. Ine ndine munthu wokonda dongosolo, mwinanso mopitirira muyeso. Ndinagula kope ku Ngabu n'kulembamo ndekha ndondomeko ya chaka chonse, mizere yake yowongola ndi rula. Loweruka lililonse masana ndinkaiwerenga, kenako n'kufunsa ngati pali woonjezera. Onse ankayang'ana pansi n'kunena kuti zili bwino, ine n'kumati ndagwira ntchito.

Pofika mwezi wa Epulo anthu anayamba kuzimiririka. Loweruka lina tinalipo atatu, wachitatuyo ndine. A Khembo, mkulu wa mpingo, anandiitana n'kundiuza kuti akatipezanso chonchi pakutha pa mwezi, gululo alitseka. Sanakalipe ayi, koma zinandiwawa kwambiri. Ndinadziona wolephera, ndipo mumtima ndinayamba kuwanena anzanga kuti ndi aulesi. Sabata yathunthu pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ndionetseni pamene ndikulakwitsa.

Yankho linabwera ndi munthu wobaya mbuzi katemera. Mayi Zuze, alangizi a ziweto, atamaliza ntchito m'khola la kwathu anandipeza pansi pa mtengo wa masawu, kope lili pamwendo, dzanja lili patsaya. Nditawafotokozera anatsegula kopelo n'kuseka. "Mwananga, apa mafunso onse wayankha wekha. Anzako alowera pati?"

Anatola kamtengo n'kujambula pansi chozungulira, m'kati mwake n'kulembamo vuto langa. Kuchokera pamenepo anatulutsa mizere mbali zonse, ngati tinjira ta mbuzi tochokera pamjigo. Anati njirayi anaiphunzira kuntchito ndipo amaitcha mapu a maganizo. Nkhani imakhala pakati, ganizo lililonse limatenga mzere wake, ndipo mzere ukhoza kubala mizere ina. Palibe ganizo loyamba kapena lotsiriza, komanso sukana la mnzako lisanalembedwe.

Kunena zoona ndinaona ngati masewera a ana, koma ndinalibenso pena pogwira. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinapempha achinyamata kuti asafulumire, tinakhala mozungulira pabwalo. Pakati ndinalemba kuti "Loweruka", ndinaika kamtengo pansi, n'kutseka pakamwa. Kwa ine kukhala chete kumeneku kunali kovuta kuposa kusala kudya.

Wina anatola kamtengo kaja n'kulemba "kutali". Wina analemba "dzuwa", winanso "kwaya" poti ankafuna tiziimba kwambiri. Kenako Esinati, mtsikana amene chisankhidwire changa sindinamvepo mawu ake pamsonkhano, anakoka mzere wautali n'kulemba "mbalame". Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani.

"A tcheya, mapira acha," anatero chapansipansi. "Tikachoka pansanja masana, mpheta zimaliza munda. Amayi sangatilole."

Onse anagwedeza mitu kuvomereza. Manyazi anandigwira zedi. Ine ndinakulira kwa amalume ku Nchalo, mapira ndinkangowadziwa ali m'mbale. Ndinaika msonkhano pa nthawi yeniyeni imene anzanga amakhala pansanja kumunda, kulondera chakudya cha mabanja awo, kenako n'kumawatcha aulesi.

Mizere inapitiriza kubala. Kuchokera pa "mbalame" wina anatulutsa "phokoso", ndipo Esinati yemweyo anakoka mzere kuchoka pa "phokoso" kukafika pa "kwaya". Tinayang'anana, kenako tinafa nacho chiseko. Mbalame zimathawa phokoso, ndipo ife tili ndi ng'oma ziwiri ndi oimba besi osadziwa kutsitsa mawu. Tinagwirizana zokumana kumunda, Loweruka lililonse munda wina, kuimba ndi kuwerenga Mawu pansi pa nsanja. Ndinakopera mapuwo patsamba lomaliza la kope langa mbuzi zisanawaponde.

Loweruka lotsiriza la mwezi a Khembo anapita kutchalitchi n'kupeza chitseko chotseka. Anabwerera mumtima atatsimikiza kuti gulu latha. Koma anadzera kumunda kwawo, ndipo ndi kumene tinali tsikulo, poti mwana wawo anatipempha. Anatipeza tadzaza mthunzi wonse tikuimba, mpheta zikungozungulira m'mwamba osatera. Anaima nthawi yaitali atagwira njinga yawo. Potsiriza ananena m'Chisena chawo kuti, "Pyadidi, ana anga," kutanthauza kuti zili bwino, n'kufunsa ngati sabata yamawa tingapite kwa mlongo wawo wamasiye amene analibe womulonderera munda. Za kutseka gulu sanazitchulenso.

Mapira atakololedwa tinabwerera kutchalitchi, ndipo mabenchi asanu aja anachepa. Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa Mayi Zuze, ndi mwa mtsikana amene ndinkamuyesa wopanda chonena. Mtsogoleri mnzanga amene gulu likukuthawa, usataye mtima. Pemphera, ndipo ukatha uike kamtengo pansi, uwasiyire anzako akoke mizere. Kope lija ndikadali nalo. Masamba owongola ndi rula aja akadali oyera bwinobwino, koma tsamba lomaliza lada ndi zala za anthu.