Nyale ya Adokotala Ili M'khola la Nkhuku

Pa siteji ya basi ku Fairbanks, mzinda wa kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi kumene dzuwa limachedwa kutuluka nyengo yozizira, naini koloko m'mawa koma mdima uli bii, bambo Orval anayasamula mpaka mayi wina anatembenuka.

"Bambo, nkhope imeneyo ndikuidziwa. Dzuwa likasowa chonchi, nanenso ndimangolira popanda maliro. Kaonaneni ndi adokotala, akakuuzani za nyale yowala ngati dzuwa."

"Ndinapita, mayi, nyaleyo ndinagula. Koma akazi anga anakaipachika m'khola, ati nkhuku zasiya kuikira chifukwa cha mdima."

"Inu n'kungowasiya? Ntchito ikutherani muli m'bulangete!"

"Ayi, khofi wam'mawa ndimakamwera m'kholamo, theka la ola, nditakhala pachidebe."

"Zikuthandiza?"

"Pang'onopang'ono. Koma anzangawo anachira kalekale, dzulo aikira mazira asanu. Akazi anga akufunsa kuti nanga ine ndaonetsapo chiyani."