Achimwene amene tinkawayankhira

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1991, mwana wachiwiri mwa ana anayi m'nyumba ya bambo ndi mayi athu. Ine ndikuwerengane ndine mlongo wawo wopondana nawo. Akuluakulu, abusa, anzawo a kuntchito, ndi nonse mwabwera kudzalira nafe, mundikhululukire mawu akamanjenjemera. Amalume andipatsa mphindi khumi, ndipo ndikudziwa kuti ndipitirira. Ndinene pachiyambi pomwe kuti mbiriyi ndailemba ndili ndi chinthu chimodzi pamtima. Mawa banja likhala pansi kukambirana za mwana wa malemu, mtsikana wa zaka zisanu, ndipo ndauzidwa kuti pali maganizo oti achoke kwa mayi ake abwere kwa ine. Mumve kaye mbiri ya bambo ake.

Achimwene anachedwa kuyankhula. Anafika zaka zinayi akungoloza ndi chala. Kuchipatala anawayeza makutu n'kupeza kuti akumva bwinobwino, ndiye aliyense anati mwana wamwamuna amatero, adzayankhula. Anayankhuladi, koma mawu ankawabwerera patali. Sichinali chibwibwi ayi. Munthu akawafunsa, funso linkayenera kulowa kaye, kukhazikika, kenako iwo ayambe kufunafuna mawu oyankhira. Ukawafunsa mafunso awiri nthawi imodzi, onse awiri ankagwera pansi.

Ine ndinabadwa mu 1993, pakamwa patatseguka kale. Kunyumba ankanditcha Wailesi. Mlendo akafunsa achimwene dzina, woyankha ndinali ine. Pagolosale iwo ankanyamula chikwama, ine n'kumati, "Akuti akufuna sopo wochapira." Palibe anandituma, palibenso anandiletsa. Mayi ankauza alendo monyadira kuti, "Awiriwa ndi munthu mmodzi, uyu mutu, uyu pakamwa." Chinasanduka chizolowezi cha pakhomo pathu. Munthu akafunsa achimwene kanthu, maso a onse ankatembenukira kwa ine, mpaka maso a eniake omwe.

Anayamba sukulu mu 1998. Masamu olembedwa pabolodi ankakhoza, koma m'kalasi ya ana odzaza mpaka pakhomo mulibe mphunzitsi wodikira mwana mmodzi. Achimwene anadzipezera njira yothawira. Chilichonse angafunsidwe, ankangoti, "Eya." Wamva? Eya. Ndiwe unkasokosa kumbuyoko? Eya. Choko waba ndiwe? Eya. Anakwapulidwa pa milandu ya anzawo yosawerengeka, ndipo anawapatsa dzina loti a Eya. Ena mwakhala panomu munkawaitana choncho. Sindikukuimbani mlandu, inenso ndinkaseka nawo. Mayeso omaliza a pulayimale analephera kawiri, ndipo mu 2007 anasiya sukulu. Chaka chimenecho ankakhala kuseri kwa nyumba pa chitini cha penti, kumasula matochi ndi mawotchi akufa n'kuwamanganso. Chakudya ankadyera konko. Ife tinkati ndi munthu wofatsa.

Mu Juni 2008 kunabwera amayi ena ochokera ku yunivesite pamodzi ndi anzawo awiri. Ankachita kafukufuku wa achinyamata amene amavutika kuyankhula ndi kumvetsa zoyankhulidwa, kuti aone mmene mitima yawo ilili, ngati ali ndi anzawo, ngati amadziona ngati anthu. Aphunzitsi akale anapereka dzina la achimwene. Anatiitanira m'kachipinda ka ku laibulale, muli tebulo, mipando iwiri ndi kamakina kojambulira mawu. Ine ndinalowa nawo monga mwa masiku onse, n'kuima kumbuyo kwa mpando wawo. Funso loyamba ndinayankha. Lachiwiri ndinayankhanso. Amayi aja anathimitsa kamakina n'kuti, "Mtsikana iwe, pakamwa pako pali bwino kwambiri, koma lero sitinabwerere iwe. Panja pali benchi." Ndinafufuma mwezi wathunthu.

Pabenchipo ndinakhala maola awiri, khutu lili pachitseko. Nthawi yambiri m'katimo munali zii, moti ndinkaganiza kuti makina awonongeka. Koma ndi mmene amayi aja ankagwirira ntchito: funso limodzi, kenako manja pamiyendo, kudikira. Patapita zaka, achimwene anandiuza okha zimene anayankha tsiku limenelo. Atafunsidwa ngati ali ndi mnzawo, anati mlongo wanga. Atafunsidwa ngati alipo wina, anati palibe. Atafunsidwa ngati anaganizapo kuti bola akanapanda kubadwa, anati tsiku lililonse. Mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, tikugona naye nyumba imodzi, ife n'kumati ndi wofatsa.

Anthu a kafukufuku aja sanangolemba n'kuchoka. Anawapezera mlangizi, ndi gulu la achinyamata anzawo limene linkakumana Loweruka. Anawapatsanso kakhadi kokutidwa ndi pulasitiki, kolembedwa kuti: "Ndimamva. Funsani funso limodzi, ndipo dikirani." Kakhadi kameneko kanakhala m'thumba la malaya awo, mbali ya kumanzere, moyo wawo wonse.

Mu 2010 anayamba kuphunzira kukonza mafiriji, ndipo pamalo omwewo anagwirapo zaka khumi ndi zinayi. Abwana awo, amene ali nafe pano, ankakonda kuuza makasitomala kuti, "Wantchito wanga ndi uyu yekha, enawa ndi alaliki." Achimwene ankaika khutu pa firiji n'kudziwa chavuta, anzawo akadali mkati mokangana.

Mu 2014 a kafukufuku aja anabweranso kudzaona gulu lina la ana, ndipo analemba achimwene ntchito ya Loweruka. Ankatchera kamakina, kukhazika ana mtima pansi, koma ntchito yawo yaikulu inali yotulutsa makolo ndi azilongo. Mayi akalowa ndi mwana n'kuyamba kumuyankhira, achimwene ankatsegula chitseko, kumwetulira, n'kungoti, "Benchi." Ankabwera kunyumba akuseka kuti lero atulutsa a Wailesi asanu. Ana amene makolo awo ankati sayankhula ankawatsatira mpaka poimikira basi.

Mu Okutobala 2017 anakwatira alamu athu, amene amagwira ntchito ku fakitale yosoka mayunifolomu. Alamu amanena kuti achimwene anakonza fani yawo katatu, ndipo kawiri konseko fani inali yabwinobwino. Mawu enieniwo ofunsira banja anatuluka patatha miyezi inayi. Alamu amati, "Ine ndinali nditalola kale mwezi woyamba, koma ndinkafuna ndimve pakamwa pawo." Ife achibale tinkati mkaziyu ndi wouma mtima, amasiya mwamuna akuvutika ndi mawu osamuthandiza. Sitinkadziwa kuti ndi yekhayo amene ankawamvera.

Mwana wawo anabadwa mu Meyi 2019. Atafika zaka zitatu asakulumikiza mawu, ife tinayamba nyimbo yakale ija, yoti adzayankhula. Achimwene sanatsutsane ndi munthu. Ananyamula mwana paphewa n'kupita naye kwa akatswiri othandiza ana kuyankhula, pafupi ndi kumene amakhala, ndipo kuyambira pamenepo Lachiwiri lililonse masana ankapempha kuntchito. Mukanawaona awiriwo patebulo. Nkhani ya mawu khumi inkatenga mpaka tiyi kuzizira, koma inkatha onse akuseka.

Tsopano ndafika pa matenda, ndipo pano ndiwerenga pang'onopang'ono.

Lolemba pa 5 Ogasiti 2024 achimwene anaweruka masana atapindika, atagwira pamimba. Alamu anali kwawo kukadwazika mayi awo, ndiye mayi athu anandiimbira ine. Ndinapita nawo kuchipatala ndili ndi khanda langa kumbuyo, lotentha thupi, likulira. Pamzere tinakhala maola atatu. Titalowa tinapeza adokotala otopa, anthu akugogoda kale pachitseko. Anafunsa mafunso atatu mondondozana: kukupwetekani pati, kunayamba liti, munadwalapo chonchi? Achimwene anatsegula pakamwa. Ine sindinadikire. Ndinati ndi zilonda za m'mimba, adokotala, akhala nazo kuyambira 2020, ndipo ndinaloza pamwamba apa, pansi pa chifuwa.

Ndinaona dzanja la achimwene likukwera kupita kuthumba la malaya. Ndinkadziwa chimene chinali m'thumbamo. Ndinagwira dzanjalo n'kulibweza pamwendo, ndikuti, "Musavutike achimwene, ndanena kale." Adokotala anakanikiza pamene ndinaloza ine, n'kufunsa kuti, "Ndi momwemo, bambo?" Achimwene anayang'ana ine, anayang'ana khanda, anayang'ana chitseko chikugogodwa. Kenako anati, "Eya." Anatipatsa mapiritsi a zilonda, tinabwerera, ine n'kumadzitama mumtima kuti tafulumira.

Alamu anabwera Lachinayi m'mawa. Anakhala pamphepete pa bedi n'kufunsa funso limodzi: "Kukupwetekani pati?" Mayi anafuna kuyankha, alamu anakweza dzanja. Tinadikira mpaka ine kuyamba kuluma milomo. Achimwene anati, "Si kwakale. Kuno. Pansi." Anagwira mbali ya kumanja. Tinathamangira nawo kuchipatala, ndipo tsiku lomwelo madokotala analowa nawo kuchipinda cha opaleshoni, koma kathumbo kamene madokotala amati apendikisi kanali kataphulika kale, ndipo zoipa zinali zitalowa m'magazi.

Anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Ndinafunsa adokotala a opaleshoni ngati akanachira Lolemba lija. Anati palibe angadziwe. Mwina ndi zoona. Ine chimene ndikudziwa ndi dzanja limene ndinagwira. Adokotala oyamba aja musawanene, anamva zimene anauzidwa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapeza mpata tili awiri, ndinawapepesa. Ndinafunsa ngati akundimva, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinatseka pakamwa. Botolo la madzi linkadontha, mawilo a bedi la wodwala wina anadutsa pakhonde. Ndinkayembekezera kuti anena za ine, kaya kundikhululukira kaya kundikalipira. Anati, "Mwana. Lachiwiri." Anali akuwerenga masiku amene mwana wajomba kwa akatswiri aja. Anatisiya Loweruka pa 17 Ogasiti, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu. Lero ndi Lachiwiri lachitatu mwanayo asakupitako.

Amalume, mayi, azakhali, zifukwa zanu ndazimva ndipo si zoipa. Mukuti alamu amagwira ntchito ya mashifiti, nyumba yawo ndi ya chipinda chimodzi, kwa ine kuli malo. Koma kwa ine ndi mabasi awiri kuchokera kwa akatswiri aja, ndipo tonse tikudziwa kuti ulendo wa mabasi awiri ndi khanda kumbuyo umatha ndi mwezi umodzi. Mwanenanso mawu ena, mukuwanena mondiyamikira: "Mwanayu amamvana ndi azakhali ake, safunika n'kuyankhula komwe." Mawu amenewa andimana tulo.

Dzana lomweli, m'nyumba ya maliro muno, amayi ena a kutchalitchi anagwada pamaso pa mwanayu n'kumufunsa kuti ali ndi zaka zingati. Mwana anayamba kutambasula zala, milomo ikugwedera. Ine ndinali kukhomo la kukhitchini, mbale zili m'manja, thupi la achimwene lisanabwere n'komwe kuchokera kuchipatala. Ndinangodzimva ndikukuwa kuti, "Zisanu!" Mwana anapinda zala zija n'kuyang'ana pansi.

Choncho mwanayu ine sinditenga. Si kuti sindimukonda. Kuchapa ndidzachapa, kuphika ndidzaphika, masiku a shifiti amuna anga avomera kuti azikamutenga kusukulu n'kumusiya kwa mayi ake. Koma akhale ndi mayi ake, ndipo Lachiwiri likubwerali apite. Ndanena dala pagulu pano chifukwa ndimadzidziwa. Mawa mukandizungulira pabalaza, amalume n'kutsokomola kamodzi, ndigonja. Nonse mwamvanu mukhale mboni zanga. Alamu, mundikhululukire ponena izi osakuuzani. Ndimaopa kuti mundiletsa.

Malemu asiya mkazi, mwana mmodzi wamkazi, mayi awo owabereka, achemwali awo aakulu, ine, ndi mng'ono wawo wotsiriza. Bambo athu anatsogola mu 2016.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino a mu wodi ya abambo, amene pofika tsiku lachitatu anali ataphunzira kuwadikira. Ndikuthokoza abwana ndi anzawo a kumafiriji chifukwa cha galimoto ndi bokosi. Ndikuthokoza amayi a kafukufuku aja, amene anapuma kale pantchito koma ayenda ulendo wautali kudzakhala nafe, pamodzi ndi achinyamata a gulu la Loweruka amene aima kumbuyoko. Ena a iwo akufuna kunenapo mawu pamanda. Atenga nthawi, musawafulumize. Ndikuthokoza oyandikana nawo nyumba, a mpingo, ndi nonse amene sindinakutchuleni.

Achimwene, kanonso ndakuyankhulirani ndine, ndipo sindikudziwa ngati ndanena zimene mukananena inu. Kakhale komaliza. Mzimu wanu uuse mumtendere.