Kugogoda kumene sindinakuike m'nyimbo

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Aleluya! Abusa, zikomo pondipatsa kampata aka. Ine ndine Yohane, wa ku Zengeza 2. Chichewa changa n'chobadwira konkuno ku Chitungwiza, ndiye ndikaterereka n'kugwera m'Chishona, mungondidzutsa.

Ntchito yanga ambiri mumaimva koma simuikonda. Ndimapanga ng'oma pa laputopu. Osati ng'oma za muno m'tchalitchi, ayi. Zothamanga! Zija mukazimva mu kombi mumati wailesi yapenga. Ndimatenga chidebe, zitini ndi chivindikiro cha poto, n'kumaimba pang'onopang'ono, maiki ikujambula. Ndikangomaliza ndimazithamangitsa pompo, n'kuzidula tizidutswa, kachidutswa kalikonse m'kabokosi kake pa sikirini. Kugunda kulikonse ndimakudziwa, chifukwa ndimakuika ndekha. Mugwire mawu amenewo, abale. Ndimakuika ndekha.

Amene anandiphunzitsa ng'oma ndi bambo anga. Akale muno mukuwakumbukira a Banda, oimba ng'oma m'kwaya. Ndili mwana tinkasewera patebulo: ine ndimenye, iwo ayankhe. Ndiye chaka chatha sitiroko inawagwetsa kubafa. Anabwerako kuchipatala osalankhula, osagwedeza dzanja, maso ali tong'o kudenga. Amayi anatisiya kalekale, choncho azakhali anga, a Esinati, anachoka ku Unit C kudzawasamalira. Ine ndinkalowa m'chipinda chawo mwa apo ndi apo. Ndinkaopa. Munthu amene ankadzaza nyumba ndi phokoso, kumuona ali zii! Ndinkangodzitsekera m'chipinda changa, chogundizana ndi chawocho, mahedifoni kumakutu, maiki nditaimata pakhoma ndi tepi poti choimikira chake chinathyoka.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndajambula, ndathamangitsa, ndikumvetsera. Ndikumva kanthu. Tiki. Tiki-tiki. Ngati chikhadabo pathabwa. Ndiyang'ane pa sikirini, m'kabokosi ka pamenepo sindinaikemo kalikonse. Ndinafufuta zonse, n'kujambulanso. Kabweranso. Ndinasintha chidebe. Kabweranso. Ndinatseka mawindo, ndinathamangitsa nkhuku za aneba. Kabweranso! Ndivule mahedifoni, nyumba yonse ili zii.

Koma chimene chinandiimitsa tsitsi si chimenecho. Kanthuko sikankangogwera paliponse ayi. Kankandidikira. Pamene ine ndasiya mpata, ndi pomwe kankalowa. Ndikasintha kaimbidwe, nakonso kasintha. Abale, chinthucho chinkandimvetsera.

Ndinawaveka azakhali mahedifoni aja kuti amve okha. Anawataya pansi ngati agwira njoka.

"Mwana iwe, waitana chiyani m'nyumba muno?"

M'mawa mwake anabwera ndi mneneri wina wa mkanjo woyera. Anawaza madzi a mchere m'makona, anamvetsera nyimboyo atatsinzina, kenako anati m'Chishona, "Baba venyu vakatoenda kare." Akuti bambo anu anapita kale, chatsala pabedipo ndi thupi chabe. Akuti chikugogodacho ndi mzimu wawo, ukufuna njira, koma ng'oma za mwanayu zaumanga. Analamula ziwiri. Laputopu iwotchedwe. Wodwalayo atengeredwe kufamu komwe anabadwira, akamalizire ulendo wake kumeneko.

Achibale anavomera. Galimoto inapezeka, yobwera Loweruka. Kufamuko kulibe chipatala, kulibe mankhwala. Palibe amene ananena, koma tonse tinkadziwa kuti kumeneko n'kukawasiya.

Abale ndi alongo, sabata imeneyo ndinaona mdima masana. Chakudya chinakana kulowa. Nditsegule mpope wathu wouma, tiki-tiki. Ndikwere kombi, dalaivala ayatse indiketa, tiki-tiki. Ndinakhulupirira. Ndinakhulupirira ndithu kuti ine, ndi manja angawa, ndikuzunza bambo anga. Azakhali anasiya kuwalankhula powasambitsa. Ankangowatembenuza mwakachetechete, monga timachitira ndi maliro.

Lachisanu masana azakhali anakoleza moto wa makatoni kuseri kwa nyumba.

"Yohane, bweretsa chinthu chakocho."

Ndinawapempha kuti andidikire pang'ono. Ndinagwada m'chipinda changa, laputopu ili pabedi. Pemphero langa silinali lokongola ayi. Ndinati, Ambuye, ngati ndi imfa ikugogoda, ndiloleni ndiimve bwinobwino kamodzi kokha, ndisanawotche. Ndiye m'mtima munabwera ganizo laling'ono. Yohane, ukuthamangira kuti? Masiku onsewo ndinkamvetsera zothamangitsa kale zokhazokha. Ndi mmene timagwirira ntchito yathuyi. Zoyambirira zija, zapang'onopang'ono, sindinazimvetserepo n'kamodzi komwe.

Ndinabweza liwiro. Ndinalibweza mpaka linafika mmene ndinaimbira pachidebe.

Sichinali chikhadabo, abale. Liwiro ndi lomwe linkachepetsa mawuwo. Chinali chinthu cholemera, chofooka, chochokera m'khoma. Du. Du-du. Du. Ndinkakudziwa kuyankha kumeneko! Ndi kwa patebulo paja. Ine ndimenye, iwo ayankhe.

Ndinathamangira m'chipinda cha bambo. Maso ali kudenga, monga mwa masiku onse. Ndinavundukula bulangete kumiyendo. Phazi lawo lamanzere linali litagunda khoma, chidendene chitasupuka, pakhomapo pali kadontho ka magazi ouma. Ndinagogoda pachitsulo cha bedi ndi chala, kaimbidwe kathu kakale kaja, n'kusiya mpata.

Tinadikira, ine ndi chete uja.

Du. Du-du. Du.

Yesu wanga! Ndinakuwa mpaka azakhali analowa akuthamanga, utsi uli m'zovala. Ndinagogodanso. Chidendene chinayankhanso. Azakhali anakhala pansi, pasimenti pomwepo, manja kumutu.

"Achimwene! Achimwene, mulipo? Nthawi yonseyi mumatimva?"

Du.

Ankamva, abale. Anamva mneneri akuti anapita kale. Anamva za galimoto ya Loweruka. Anamva zonse, ali gone, pakamwa potseka. Mphamvu imene inawatsalira inali ya chidendene chimodzi, ndipo mwana amene ankamuitanayo anali atatseka makutu, akufufuta. Chimenechi chimandilizabe mpaka lero.

Galimoto inabweradi Loweruka. Inabwerera yopanda munthu.

Lero sindinama pamaso pa Mulungu kuti bambo akuyenda. Sakuyenda. Sakulankhulanso. Koma tinabwerera nawo kuchipatala, akuwaphunzitsa kugwedeza ziwalo, ndipo zala ziwiri zadzuka. Tili ndi chilankhulo chathu: kamodzi ndi inde, kawiri ndi ayi. Azakhali tsopano amawalongolozera mpaka kuwatopetsa. Laputopu sinapse. Ndikupangabe ng'oma zanga zopenga zija, koma masiku ano ndimajambulira m'chipinda chawo, khutu limodzi lili poyera. Ndinawafunsa ngati nyimbo zangazo amazikonda. Anagogoda kawiri. Mwaseka? Inenso ndinaseka mpaka misozi. Bambo anga ndi omwe aja!

Ndikuthokoza Mulungu amene anandibweza liwiro. Ndikuthokoza amayi a chigwirizano amene munkabwera kudzapemphera ngakhale pamene ife eni ake tinali titataya mtima. Ambuye akudalitseni.

Ndisanakhale pansi, ndipemphe chinthu chimodzi. A kwaya, gwirani kaye ng'omazo. Ana, khalani chete pang'ono. Onani kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko, pali njinga ya olumala, ndipo pansi pa phazi taikapo kathabwa. Ndigogoda pagome pano, kenako ndisiya mpata. Musaombe m'manja. Mungomvetsera.

Mwamva?

Amenewo ndi a Banda, bambo anga. Akuti alipo. Amen.