Malo Amene Khasu Silinagwepo

Kale, ine ndili mtsikana ngati inuyo, msewu sunkabwera mothamanga. Poyamba kunkafika munthu woyeza, wa chipewa chachikulu, ndipo ankayenda wapansi kuchokera kuno mpaka kumapiri a ku Katuli, akuima pamudzi uliwonse, kumwa thobwa, kufunsa za mvula, ndipo akuluakulu ankamuperekeza n'kumamuuza kuti apa madzi amadutsa, apa pali chiswe, apo musapondepo pali anthu ogona. Inde, ntchitoyo inkachedwa mpaka kutopetsa, ndipo ine amene mumandidziwa kuti sindidikira ngakhale madzi a tiyi kuti awire, ndinkang'ung'udza tsiku ndi tsiku. Koma msewu unkafika utamva kaye.

Mariamu, ika foniyo m'thumba. Aphunzitsi athu achedwanso lero, ndiye m'malo mongoyang'ana kukhomo ngati mbuzi zodikira madeya, imvani chimene chimandikhazika pa benchi lino, ine Abiti Saidi wa imvi, kumalimbana ndi zilembo limodzi ndi inu.

Ntchito ndazigwira, ana anga. Ndasenza usipa kupita nawo ku Chiponde, ndachapa mabulangete a alendo ku Makokola, ndaswa miyala mpaka zikhadabo kutha, ndipo tsopano ndimaima ndi mbendera yofiira pamsewu watsopanowu, kuimitsa magalimoto kuti giredala yosalaza msewu idutse. Kampani imene ikumanga msewuwu inabwera ndi zake zachilendo. Kulibenso woyeza wapansi. Kumauluka kandege kakang'ono kolira ngati njuchi, kopanda munthu mkati, n'kumajambula dziko lonse, ndipo zithunzizo amazipereka kwa makina oganiza a m'kompyuta amene ophunzira amawatchula kuti Eyayi, koma ife pamsewu timangoti Bwana Kompyuta. Iyeyo ndiye amanena kuti lole iyi ipite uku, simenti itha tsiku lakuti, kalavati ikhale apa, mawa musathire phula chifukwa kugwa mvula. Ndipo ndisaname, mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa: ntchito inafulumira. Kale tinkakhala pamthunzi theka la tsiku kudikira mchenga, pano mchenga umatipeza tisanatsuke nkhope. Ine ndinkamukonda Bwana Kompyuta chifukwa ndinkaona ngati ndapeza mnzanga wosadziwa kudikira.

Tsopano imvani. Tisanasamukire kuno kumsewu, mudzi wathu unali kutsidya la kamtsinje kaja, ndipo kumeneko ndi kumene mwana wanga woyamba, Asiyatu, anamwalira ndi malungo ali ndi zaka zitatu. Mukudziwa mwambo wathu. Anamwalira m'mawa, tinamusambitsa, tinamukulunga m'sanda, ndipo dzuwa lisanapendeke amuna ananyamula jeneza, chonyamulira maliro chija. Ife akazi sitipita kumanda. Koma ine ndinazemba, ndinawatsata chapatali mpaka pamtengo wa bwemba, ndipo ndinaima pamenepo n'kumaona zisoti zoyera za amuna zikulowa m'thengo mpaka zinabisika. Manda a mwana wanga sindinawaonepo. Ndimangodziwa bwembayo, ndi mbali imene zisoti zinalowera. Ndipo manda athu sitiwaka ndi simenti, timangounjika dothi, mvula ya zaka n'kumalisalaza. Mudzi utasamuka tinayamba manda ena pafupi ndi mzikiti, akale aja n'kusanduka nkhalango, koma panalibe munthu wolowamo ndi khasu, ngakhale kukathyolamo nkhuni.

Chaka chatha kampani inaitanitsa msonkhano. Kunabwera injiniya wachitsikana wochokera kumpoto, a Gondwe, ndipo anawerenga mafunso amene Bwana Kompyuta anawapatsa: kodi mbali ino kuli chitsime, kuli sukulu, kuli manda? Amuna amene anali kutsogolo anali achinyamata, pakuti akuluakulu amene anaika Asiyatu ambiri anatsogola, bambo ake omwe, ndipo ena ali ku Joni. Anatchula manda a kumzikiti, n'kutchulanso a anzathu Akhristu, amene kandege kaja kanali katawaona kale chifukwa cha mitanda yopakidwa laimu. Ife akazi tinali kumbuyo pamphasa. Mawu anandifika pakhosi, koma mkazi angaime bwanji pakati pa amuna n'kumalongosola za kumanda kumene sanapondeko? Ndinameza. Ine amene ndimakalipira madalaivala a malole, ndinameza!

Patapita milungu iwiri, Lachisanu, ndikuchokera kumunda ndinaona zikhomo zofiira zitazungulira nkhalango ija, bwemba wanga ali m'mbali, ndi kachikwangwani. Nthawi imeneyo n'kuti ndangotha miyezi isanu m'sukulu ya kwacha ino, kuwerenga kwake kwa chala pa chilembo. Ndinatula nkhuni, n'kuyamba: Ma-lo o-ku-mba do-thi. Ntchito i-ya-mba Lo-le-mba.

Ndinathamangira kwa kapitawo wathu, Che Bwanali, ndinawapeza akutuluka mumzikiti.

“Che Bwanali, mukufuna mwana wanga akhale pansi pa matayala?”

“Abiti Saidi, mwayambanso? Tsiku lopemphera lino.”

“Zikhomo zili pamanda akale!”

Anagwira ndevu, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Amama, ine masiku ano ukapitawo wanga ndi wa chipewa chokha. Chimene chalembedwa pa foni ndi chimene ndimachita. Dekhani, tikambirana ndi akuluakulu sabata ya mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

“Nkhonoyo idzatsegula maso katapila wokumba dothi atadya kale!” ndinatero, n'kukwera njinga ya kabaza kupita kukampu ya kampani.

A Gondwe anandilandira bwino, anandipatsa mpando, koma mpandowo sindinaukhale. Anatsegula kompyuta n'kundionetsa dziko lathu lonse lili ngati chitenje choyala, minda yopingasana, ndipo pakati pake kachigamba kobiriwira.

“Mayi, makinawa anasankha pano dala,” anatero. “Anayang'ana zithunzi za zaka zambiri, n'kupeza kuti paliponse anthu amalima, koma apa palibe analimapo, palibe anamangapo. Ndiye anati pano tikakumba sitisokoneza munthu, ndi malo opanda mwini.”

“Opanda mwini? Mwana wanga, kuno anthu amamenyana chifukwa cha mzere umodzi wa chinangwa. Ukaona malo a nthaka yabwino khasu silinagwepo, usamati alibe mwini. Eni ake ali pansi.”

Mtsikanayo anasiya kompyuta n'kundiyang'ana. Kenaka anati, “Nanga kumsonkhano simunanene bwanji?” Ndipo pamenepo ananena zoona, pakuti safunsa anadya phula, komanso wofunsidwa n'kukhala chete ndiye anamudyetsa.

Anandiuza kuti iye yekha sangaimitse katapila ndi pakamwa. Pamafunika dandaulo lolembedwa ndi mwini nkhani, ndi mboni yoloza malo, kuti alowetse m'makina ndi kutumiza kwa akuluakulu ake Lolemba lisanafike. Anati andilembere ine ndingodinda chala. Ndinakana. Chala ndinadinda moyo wanga wonse pa mapepala amene sindinkawadziwa, koma za Asiyatu ayi. Ndinapempha pepala, ndipo loyamba ndinaling'amba, lachiwiri thukuta linafufuta, lachitatu linatuluka ndi mizere inayi yokhota ngati njira ya nkhanu: Ine Abiti Saidi. Pa zikhomo zofiira pali manda. Mwana wanga Asiyatu ali pomwepo. Musakumbe.

Mboni inatsala imodzi yokha pamudzi pano mwa amuna onse amene ananyamula jeneza tsiku lija, Che Mussa, amene maso awo anachita khungu. Loweruka m'mawa tinawakweza pa galimoto ya kampani, iwo akudandaula kuti tawadula tiyi, ndipo titafika pa bwemba anagwira thunthu lake, n'kutembenukira kumene kumayang'ana opemphera, n'kuyamba kutchula maina, mzere ndi mzere, ngati akuitana anthu kuti adzadye. Che Bwanali anawagwira dzanja kuti alowe nawo. A Gondwe nawonso ananyamuka ndi foni yawo kuti akajambule, ine n'kuwagwira pamkono.

“Inu mukupita kuti? Ife timathera pano.”

“Ngakhale injiniya?”

“Ngakhale injiniya. Apatseni Che Bwanali foniyo, aphunzire ntchito.”

Tinaima awiri pa bwemba paja, ine ndi mwana wa eni wochokera kutali, ndipo patapita nthawi ndinamva mawu a Che Mussa ali mkati, akufuula kuti ndimve: “Abiti Saidi! Wanu ali pano, pafupi ndi agogo ake!” Zaka zonsezo palibe anandiuzapo zimenezo. Sindinalire kwambiri, ndinangokhala pansi.

Lolemba katapila sanabwere. A Gondwe anati atangowauza makinawo tanthauzo la malo otere, anafufuza msewu wonse n'kuloza zigamba zina zingapo zosalimidwa zimene anali atazisankhanso, ndipo anthu atapita kukafunsa anapeza kuti zina ndi manda ndithu. Mukuona? Si kuti Bwana Kompyuta ndi woipa mtima. Ali ndi maso akuthwa kuposa a woyeza wakale uja, koma samwa thobwa, sakhala pamphasa, ndipo chimene sunamuuze amachidzaza yekha ndi nzeru zake, mofulumira, usiku ndi usana osapuma.

N'chifukwa chake mtima wanga sukhazikika. Msewuwu ukupitirira, ndipo ndamva kuti kukubweranso mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi, zonse zoyendetsedwa ndi makina omwewa, pamene amene amadziwa za pansi pa nthaka yathu akutha ngati Che Mussa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ana anga, koma chitseko cha masiku ano chimatsekulidwa ndi cholembera. Pitani kwa amayi anu ndi azakhali anu, muwafunse mtengo umene iwo anaimapo, ndipo mulembe, ngakhale zilembo zikhote. Pamsonkhano mukamva mawu akufika pakhosi, musameze ngati ine, pakuti ulemu umene unasunga manda aja zaka zonsezi ndi womwewo unatsala pang'ono kuwakumbitsa.

Eya, njinga ya aphunzitsi ndi iyo. Mariamu, ndibwereke pensulo, yanga yathyokanso. Lero ndikufuna kulemba dzina la Asiyatu mowongoka.