Maina Aatali Ankasochera mu Kompyuta Yanga

Moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Mundikhululukire ndikamayendayenda kutsogolo kuno, nkhani imeneyi sindingainene nditaima malo amodzi.

Ine ndine bambo a Tadala. Kwathu ndi ku Zomba, koma ntchito inandibweretsa kuno ku Mwanza. Ndimayang'anira makompyuta pa kampani ina yaing'ono yoombola katundu pa malire. Ndinakwatira konkuno. Makolo a mayi a Tadala anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo anandilandira ngati mwana wawo. Zinthu zinkayenda, abale. Zinkayenda ndithu.

Abwana anandiuza kuti ndifulumizitse ntchito chifukwa madalaivala ankatopa ndi kudikira. Ndiye ndinalemba mapulogalamu awiri pa kompyuta imodzi. Yoyamba imalandira dzina la dalaivala ndi katundu wake. Yachiwiri imatenga zomwezo n'kusindikiza pepala. Tsono pulogalamu iliyonse imakhala ndi nyumba yake mu memore ya kompyuta, inzake singalowemo. Choncho ndinawatsegulira khonde limodzi pakati, kuti yoyamba izisiya zinthu pamenepo, yachiwiri izitola. Ndinayesa ndi maina: Banda, Phiri, Mwale. Zonse bwinobwino. Ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu.

Titayamba kugwiritsa ntchito, a Banda analandira pepala lawo n'kumapita. A Phiri chimodzimodzi. Kenako kunabwera dalaivala wa ku Tete, a Zeferino Domingos Alfazema. Pamalo pa dzina lawo panatuluka timabokosi ndi zilembo zosadziwika mutu wake. Tinayesanso. Zomwezo. Kubwera wina wa ku Beira, zomwezo. Mmalawi akafika, pepala loyera. Wakutsidya akafika, zinyalala.

Mukuona mmene zinkaonekera?

A Zeferino anaima pakhomo la ofesi n'kundifunsa, "Achimwene, kodi imasankha anthu ndi kompyutayi, kapena ndinuyo?" Malole awo ankatsalira pa malire anzawo akudutsa. Mbiri inathamanga yakuti munthu wa ku Zomba uja amadana ndi anthu akutsidya. Inakafika mpaka kwa apongozi anga aamuna. Anandiitanitsa, ndipo anangondifunsa funso limodzi: "Mwana wathu munamukwatira, koma maina athu mumawataya?" Abwana nawo sanazungulire. Anati, "Zikapitirira chonchi tipeza wina."

Abale ndi alongo, ndinasowa mtendere. Kukhala pansi, ayi. Kudya, ayi. Ndikayamba kupemphera, pakamwa pakuti Ambuye, mutu uli ku kompyuta. Ndinasintha pulinta. Ndinasintha mawaya. Ndinawerenga pulogalamu mzere ndi mzere mpaka maso kufiira, osaona cholakwika. Chimene chinkandipweteka kwambiri si ntchito ayi. Ndi mmene mkazi wanga ankandiyang'anira akamandipatsa madzi osamba, ngati akudzifunsa kuti mwina n'zoona.

Mnzanga wina wa mu ofesi anandinong'oneza. "Aise, izi si za kusukulu izi. Wina wakuchita chipongwe. Ku Zobwe, kutsidya kwa malireku, kuli sing'anga amene amamasula zoterezi." Ndinaseka. Ine, woimba kwaya? Koma masana ena ndinapezeka ndaima pa geti la malire, maso ali ku Zobwe, wa kabaza akundifunsa ngati tikupita. Ndinalibenso pemphero lalitali. Ndinangoti mumtima, "Ambuye, nzeru zandithera. Mukapanda kuyankhula, ndikwera."

Foni inalira. Anali mayi a Tadala.

"Mankhwala a chifuwa a mwana munaika pati?"

"Pa windo, kuseri kwa katani."

Anapita kukayang'ana. "Palibe. Pali sopo."

"Ndati pa windo, kodi simukumva?"

"Musandikalipire, bambo a Tadala. Windo la nyumba iti? Ine ndili kwa amayi kuno."

Windo la nyumba iti! Pomwepo ndinaona chimene chinkachitika. Dzina likakhala lalifupi, pulogalamu yoyamba inkaliika lonse pakhonde paja. Likatalika, inkalisunga m'nyumba mwake, pakhonde n'kungosiyapo uthenga wakuti lili pa windo. Yachiwiri inkamvera ndithu, koma inkapita pa windo la nyumba yake, n'kutola sopo. Maina a abale athu akutsidya ndi aatali, basi. Panalibe chidani. Panalibe ufiti.

Wa kabaza uja ndinamusiya akuyankhula yekha. Ndinathamangira ku ofesi. Ndinakuza khonde lija, n'kukonza kuti dzina lonse ndi katundu yense zizikhala pakhonde pomwepo, pasapezekenso chosungidwa m'nyumba ya wina. Ndinaikanso lamulo lakuti pulogalamu imodzi ikamalemba, inzake izidikira.

A Zeferino atabweranso, ndinawapempha kuti aime pafupi ndi pulinta. Pepala litatuluka, analiwerenga mokweza, pang'onopang'ono, mpaka kumapeto. Anandiyang'ana nati, "Eya, ndine ameneyu."

Aleluya! Ambuye alemekezeke.

Lero ntchito ndikugwirabe. Madalaivala a mbali zonse amandipatsa moni. Apongozi anga ndi awo akhala kumbuyoko, anabwera okha kudzamva, ndipo ndikuwathokoza. Mayi a Tadala mpaka pano amati sakudziwa chimene anachita, iwo ankangofuna mankhwala a mwana. Koma ine ndikudziwa amene anawachititsa kuimba foni nthawi imeneyo, ndipo ndi Iyeyo amene ndabwera kudzamuthokoza.

Muzindipempherera, abale, mtima wanga ndi wothamanga. Ndipo ngati muno muli wina amene waima pa geti lake, phazi limodzi lanyamuka kale, ndikukupemphani, musakwere. Dikirani kaye. Ameni.